Alamu Anga pa Mpando wa Padzuwa

Anthu a pa Bangula akafuna kundiloza amati, "Sebastiano uja wa zigayo ziwiri." Lole yanga amaiiwala, koma ndimawakhululukira. Ndinayamba ndi njinga yopanda mabuleki ndi dengu la nsomba zouma. Lero ndadya nkhanu ku Beira, ndakwera sitima ya pamadzi ku Dar es Salaam, ndasochera ku Joni kawiri, ndipo kawiri konse ndinatulukamo ndili ndi bwenzi latsopano. Pepala la sukulu ndilibe. Chimene chinandimanga ine ndi anthu. M'foni mwangamu muli manambala oposa mazana asanu ndi anayi, ndipo amene ndamuimbira amayankha akuseka kale.

Koma nkhani iyi si yanga. Ndi ya alamu anga a Geresomo, amene anakwatira mlongo wanga Josephine. M'foni mwawo munali manambala khumi ndi anayi: imodzi yanga, imodzi ya abusa, zotsalazo za kuntchito.

A Geresomo ndi mmisiri wa mapampu pa sikimu ina ya ulimi wothirira m'mbali mwa Shire, kumtunda kwa Bangula. Alimi oposa zana amadalira pampu imodzi yaikulu imene imakoka madzi mumtsinje n'kuwaponya m'ngalande. Kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi makiyi a nyumba ya pampuyo akhala akulendewera pa lamba wa alamu anga. Amapita nawo kutchalitchi, amapita nawo kumaliro. Josephine amati iye amayamba wamva makiyi, kenako n'kuona mwamuna wake. Njira yawo inali imodzi yokha, kunyumba, kupampu, kunyumba. Ndinkawauza kuti ngakhale mbuzi ya ku Chapananga yaona dziko kuposa iwo. Ankangoyankha kuti pampu siyenda, nanga iwo ayenderenji.

Ntchito amaidziwa, zimenezo sindingabise. Amatha kuimirira pakhomo la nyumba ya pampu, kupendeketsa mutu pang'ono, n'kukuuzani kuti bawuti yakutiyakuti yakhwepa. Inu mukapita ndi sipanala mupeza ndi zoona.

Chaka chatha mu Okutobala, pa dzuwa lija loti ngakhale abuluzi amalimbirana mthunzi, pampuyo inayamba khalidwe lachilendo. M'mawa inkakoka madzi bwinobwino. Ikakwana cha m'ma wani koloko, madzi m'ngalande ankayamba kuchepa, pampu n'kumalira ngati ikutafuna miyala, kenako n'kusiyiratu kukoka. Ankaizimitsa, dzuwa likapendeka n'kuidzutsanso, koma tsiku linali litapita, ndipo mdima ukagwa palibe amene amathirira kumeneko chifukwa cha mvuu. Minda yoyandikira pampu inkamwa. Ya kumapeto kwa ngalande inkangomva mbiri ya madzi, nyemba zili pa maluwa.

Alamu anga anaimasula pampuyo katatu. Anasintha chilichonse chimene chinkaoneka chotopa, mpaka zina zimene zinali zisanatope. Anafunsa amisiri anzawo atatu a pasikimupo, ndipo onse atatu anagwirizana nawo kuti vuto ndi magetsi, amafooka masana. Nanga akanatsutsa bwanji? Onse atatu anawaphunzitsa ntchito ndi a Geresomo omwewo. Kuwafunsa iwowo kunali kufuula m'chitsime n'kumadabwa kuti mawu obwererawo akugwirizana nawe. Kunabwera munthu woyeza magetsi, anayeza masana awiri otsatizana, nati magetsi alibe mlandu.

Patatha masabata atatu, wapampando wa komiti ya sikimu, a Lyton, anawaitana. Sanawakalipire. A Lyton ndi mkulu wa mpingo, amalankhula ngati akupepesa maliro. Anawauza kuti alimi a kumapeto atopa, ndipo komiti yagwirizana kuti ngati pofika Lachisanu la sabata yotsatira pampu idzakhale isanagwire ntchito tsiku lathunthu, adzaitana kampani ya ku Blantyre kuti izisamala pampuyo mpaka kalekale. Makiyi adzapita kwa iwowo. A Geresomo sadzachotsedwa ntchito ayi, adzapatsidwa yoyang'anira anthu opala ngalande.

Josephine anabwera kuchigayo kwanga tsiku lomwelo madzulo, wopanda thumba la chimanga, ndiye ndinadziwiratu kuti kwagwa nkhani. Anandiuza kuti bambo a Princess sakudya, akangofika amakhala pakhonde n'kumatembenuza makiyi m'manja ngati korona.

"Achimwene, inu mumati mumadziwa dziko lonse. M'foni mwanumo mulibe ngakhale mmodzi wodziwa pampu?"

Ndinamuuza kuti mmodzi ndilibe, koma ndili ndi mtengo wathunthu.

Kuseri kwa shopu yowotcherera ya a Antonio pa Bangula pali mtengo wa bwemba. Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse, pansi pa mtengowo pamasonkhana anthu amene amadya za zitsulo: okonza zigayo, okonza njinga zamoto, okonza mainjini a maboti, okonza mijigo, wa mafiriji mmodzi, ndi mkulu wina wokonza makina osokera amene samva bwino koma sajomba. Palibe wapampando, palibe wolemba. Aliyense amagwira ntchito kwake, mwina kwa bwana wake, mwina payekha, ndipo pa bwembapo amabwera ndi zimene zamukanika. Ine ndinalowamo chigayo changa choyamba chitandivuta, ndipo ndikhoza kunena popanda manyazi kuti theka la anthu a pamenepo ndinawabweretsa ndine.

Malamulo ndi awiri, anawakhazikitsa ndi a Antonio kalekale. Loyamba: wobwera koyamba salankhula pa nkhani ya wina aliyense mpaka ataika patebulo chinthu chimene chinamugonjetsa iyeyo. Chikakhala chachikulu chosanyamulika, achinene ndi pakamwa pake anthu onse akumva. Lachiwiri: aliyense wodzitama amakakhala pa giyabokosi ya lole yakale imene inaikidwa dala kunja kwa mthunzi, ndipo amakhala pamenepo chete mpaka wina adzitame n'kukamulowa m'malo. Giyabokosi imeneyo ndimaidziwa bwino. Ena amati inasalala chifukwa cha thalauza langa. Ine ndimawayankha kuti mpando wapadera sapatsa munthu wamba.

Usiku usanagwe ndinapita kwa alamu anga n'kuwafotokozera zonsezi, malamulo omwe, osabisa kanthu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti wokonza njinga angawaphunzitse chiyani munthu amene anaphunzira mapampu ku esiteti ya nzimbe n'kulandira mapepala anayi. Ananenanso kuti palibe chimene chawagonjetsa, pampuyo ikungofuna nthawi. Nditawapanikiza ananena mawu amene ndinawamvera chisoni. Anati kuntchito munthu ukanena kuti sindikudziwa, mawa lake umapeza kalata ikukudikira, ndipo iwo akhala zaka makumi awiri ndi chimodzi osawatchula mawu amenewo.

Ndinawauza kuti pa bwemba palibe amene angawalembere kalata, ambiri a ife ngakhale cholembera sitiyenda nacho. Anapukusa mutu. Amene anamaliza nkhaniyo ndi Josephine, ali m'khitchini, osatulukira n'komwe. Anati ngati bambo a Princess sapita, apita yekha, ndipo akafotokoza za pampuyo mmene iye akuzimvera, kuyambira pa kulira kwake, ndipo akayesezera kulirako pamaso pa anthu.

Loweruka ndinawapeza ataima pamsewu atavala jekete yakuda ndi tayi, envulopu yaikulu ili m'khwapa. Kunali kusanakwane teni koloko koma phula la msewu linali litayamba kale kunyezimira. Ndinawafunsa ngati tikupita kukafunsira mbeta. Ndinawachenjezanso za envulopuyo. Anati munthu sapita kwa alendo wopanda chomudziwitsa.

Tinapeza anthu khumi ndi awiri atazungulira tebulo, lomwe ndi chitseko cha lole chogonekedwa pa migolo iwiri. A Antonio, mkulu wa imvi amene anawoloka kuchokera ku Mozambique ali mnyamata ndipo mpaka lero Chichewa chawo chimayenda chitagwirana mkono ndi Chisena, anaimirira kuwalandira.

"Muli tani, shamwali? Mwatitengera chiyani?"

Alamu anga anatsegula envulopu. Anayala masatifiketi anayi pachitsekopo, iliyonse n'kuitsindira ndi nati yachitsulo kuti mphepo isaiulutse, ndipo anafotokoza imodzi imodzi, chaka chake, ndi dzina la amene anasaina. Anthu anamvetsera mwaulemu. A Antonio anapukuta manja pa ovolosi asanagwire, anayang'ana iliyonse mofatsa, nati ndi mapepala okongola zedi. Kenako anafunsa kuti mwa anayiwo, limene linawagonjetsa ndi liti.

Wa mafiriji anayamba kutsokomola. A Geresomo anakonza tayi, nanena kuti pa zaka makumi awiri ndi chimodzi palibe makina amene anawagonjetsapo.

A Antonio anangoloza giyabokosi ndi milomo.

Alamu anga anandiyang'ana. Ndinawatambasulira manja, chifukwa lamulo ndinali nditawauza. Anapita, anayala kampango pachitsulopo, anakhala, makiyi n'kulira pang'ono.

Tsopano apa ndi pamene panali mayeso anga, ndipo ndikufuna owerenga amvetse kukula kwake. Ndikanangotsegula pakamwa n'kutchula Beira, alamu anga akanamasuka nthawi yomweyo, ine n'kukakhala pamalo anga a masiku onse. Akanalowa mumthunzi ali chimodzimodzi mmene anabwerera, n'kubwerera kwawo ndi envulopu yawo, Lachisanu n'kukapereka makiyi. Ndiye ndinaganiza zokhala chete. Ine, Sebastiano. A Antonio anazindikira msanga, ndipo mwa nkhanza zawo anayamba kundiputa. Anandifunsa ngati n'zoona kuti doko la ku Beira ndi laling'ono. Ndinati sindikukumbuka bwino. Wa maboti anafunsa ngati alipo pano amene anakwerapo sitima ya pamadzi. Ndinayang'ana nyerere pansi. Mkulu wa makina osokera, amene samva uja, anafunsa mokweza ngati ndikudwala.

Kenako mayi Jesinta anaika chinthu chawo patebulo. Mayi Jesinta amakonza mijigo ndi timapampu ta dizilo ta m'madimba a kudambo. Amayenda pa njinga yamoto, masipanala ali m'thumba la feteleza, ndipo palibe mjigo pakati pa Bangula ndi Chiromo umene sanaugwirepo. Chimene anabweretsa chinali beringi yakufa. Anati ndi yachitatu pa miyezi iwiri, zonse za pampu imodzi ya gulu la amayi olima tomato, ndipo amayiwo ayamba kuwayang'ana ndi diso lina.

Beringiyo inayenda m'manja. Wa njinga zamoto anati ndi yachinyengo, masiku ano zadzaza msika. Wina anati girisi ndiye wolakwika. Wa maboti anati mukulowa madzi. A Antonio anaitenga, anapita nayo mpaka pa giyabokosi, naipereka kwa alamu anga kuti angoigwirira, manja asakhale chabe.

Ndinkawaona. Thukuta linali litadutsa kale jekete, koma atangoigwira beringiyo anaiwala dzuwa. Anaitembenuza, analowetsa chala m'kati, anaiyang'anitsa mbali imodzi. Kenako anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. A Antonio anapeza chochita ndi ndudu yawo. Alamu anga anakweza dzanjalo kwambiri, mpaka makiyi analira. Palibe anawaona. Mumthunzimo anthu anali akugwirizana kuti mayi Jesinta atumize munthu ku Blantyre akagule beringi yeniyeni ya m'bokosi.

Pamenepo a Geresomo anaimirira.

"Pepani akuluakulu. Mukagula yachinayi, ifanso."

A Antonio anawakumbutsa mofatsa kuti wa padzuwa salankhula, ndipo mlendo salankhula asanaike chake patebulo, ndiye iwo ali ndi milandu iwiri. Alamu anga anaima pamenepo, beringi ili m'manja, akuyang'ana mayi Jesinta, akuyang'ana ine, akuyang'ana masatifiketi awo. Munthu amene wapirira dzuwa la pa Bangula atavala jekete akhoza kupirira zambiri, koma kuona anthu akulakwitsa beringi iye akudziwa yankho, zimenezo zinawakulira.

Anamasula makiyi pa lamba. Pa zaka zonse zimene ndawadziwa ndinali ndisanaonepo lambayo ali wopanda makiyi. Anayenda mpaka patebulo n'kuwaika pamwamba pa mapepala aja.

"Pampu yanga yandigonjetsa. Masabata atatu tsopano. Sindikudziwa chimene ikudwala, ndipo Lachisanu andilanda awa."

Palibe anaseka. A Antonio anawasunthira mpando wawo womwe, n'kuwathokoza m'Chisena.

"Takhuta, shamwali. Lowani mumthunzi. Vulani jekete, yavutika mokwanira."

Asanamwe ngakhale madzi anayamba ndi beringi ija. Anaonetsa mayi Jesinta kuti yadyeka mbali imodzi yokha, kusonyeza kuti injini ndi pampu sizikuyang'anana bwino, china chapendekeka. Anafunsa kuti zakhazikika pa chiyani. Mayi Jesinta anati pa matabwa awiri, ndipo anawonjeza kuti limodzi chiswe chinalilawa. A Geresomo anatenga mpeni wa sowo wothyoka n'kuwaonetsa mmene angaugonekere pamalo polumikizira kuti aone ngati zili mzere umodzi. Anawalonjeza kuti mawa akatuluka m'tchalitchi apita nawo kudimbako akaone okha.

Ndiye inafika nthawi ya pampu yawo. Anafotokoza zonse zimene anasintha, ndipo anthu anagwedeza mitu, chifukwa zinali zanzeru. Kenako anayamba kuwafunsa mafunso amene kuntchito kwawo palibe akanafunsa, poti kumeneko aliyense ankaona ngati yankho akulidziwa kale. Wa mafiriji, amene moyo wake wonse ndi nkhondo yolimbana ndi kutentha, anafunsa ngati pa tsiku la mitambo pampuyo imafanso nthawi yomweyo. Alamu anga anaganiza, nati panali tsiku limodzi la mitambo, ndipo inafa mochedwerapo. Wa maboti ananena kuti Shire chaka chino wathawa gombe kuposa zaka zonse, iye boti lake akulikoka pamchenga, nanga paipi yokoka madzi ikufikabe bwanji mumtsinje. A Geresomo anati m'Seputembala anaiwonjezera. Yachitsulo panalibe, ndiye analumikiza yakuda ya pulasitiki n'kuimanga ndi chomangira chachitsulo, mwamphamvu, ndipo anayesa ndi thovu la sopo, silinatuluke thovu ngakhale limodzi.

Mayi Jesinta anafunsa kuti anayesa nthawi yanji. Anati m'mawa, asanalize pampu. Anafunsa kuti polumikizirapo pali pati, m'madzi kapena pamtunda. Anati pamchenga.

"Pamthunzi?"

"Padzuwa."

"Ngati pamene munakhala inu paja, bambo?"

Alamu anga anayang'ana giyabokosi. Mayi Jesinta anafotokoza kuti iwo mapaipi a pulasitiki ndiwo chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku m'madimba. M'mawa paipi yotere imakhala yolimba, chomangira chagwira. Dzuwa likaiphika imafewa ngati phula, chomangira chija n'kukhwepa, mpata n'kutseguka wochepa ngati tsitsi. Ndipo paipi yokoka silavula kunja kuti muone thovu, imamwera m'kati. Ikamwa mpweya wokwanira, pampu imasiya kukoka madzi. A Geresomo anati iwo moyo wawo wonse agwira mapaipi achitsulo okhaokha. Mayi Jesinta anati n'chifukwa chake iwonso anapha maberingi atatu.

Atafunsidwa kuti mpata wosaoneka ungapezeke bwanji, anayankha kuti ndi ndowe youma ya ng'ombe. Mumaiyatsa kuti izifuka, n'kumayendetsa utsiwo m'mbali mwa paipi masana pampu ikulira. Pamene pali mpata utsi umalowa.

Ndinaona nkhope ya alamu anga ikulimbana ndi mawu akuti ndowe. Koma sanatsutse.

Ine pamenepo ndinali nditasunga mawu kwa ola lathunthu, ndipo anatuluka okha. Ndinangonena kuti njira ya utsi imeneyi ndinaionapo ku doko la ku Beira, pa pampu yaikulu ngati tchalitchi, ndipo amene anawalangiza akatswiri a kumeneko kuti aime mbali iti ya mphepo ndinali ine. Milomo khumi ndi iwiri inaloza giyabokosi nthawi imodzi. Ndinapita mosangalala. Kampango ka alamu anga kanali kakadali pomwepo.

Lamulungu a Geresomo anakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya mayi Jesinta, ulendo wawo woyamba wopita kudambo chibadwire, ngakhale kuti dambolo amaliona tsiku lililonse ali pakhomo la nyumba ya pampu. Anasintha thabwa, anawongola injini, ndipo anabwerako ndi dengu la tomato limene amayi aja anawakakamiza.

Lolemba masana ndinatenga a Antonio pa lole yanga, mayi Jesinta anatipeza komweko. Mbiri inali itamveka, moti alimi angapo a kumapeto kwa ngalande anabwera kudzaonerera, a Lyton ali nawo. Mayi Jesinta anayatsa ndowe m'phale. Alamu anga anati aigwira okha, pampu ndi yawo. Ndiye taganizani: mmisiri wa mapepala anayi, atawerama pamchenga wotentha, akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa paipi ndi phale lofuka, mayi wachilendo akumutsatira pambuyo, mkulu wa imvi wolankhula Chisena ataima chapatali manja ali kumbuyo. A Lyton anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti akumvetsa kuti zinthu zavuta, koma komiti siyinavomereze za mankhwala, ndipo iwo ngati mkulu wa mpingo sangaime pamenepo. Ndinawatsimikizira kuti ng'ombe imene inapereka ndoweyo ndi ya Mkhristu.

Utsi unkakwera molunjika, kunalibe mphepo. Anadutsa paipi yachitsulo yonse, palibe chinachitika. Pampu inali itayamba kale kulira kwa miyala kuja. Atafika polumikizira, anatsitsa phale kunsi kwa chomangira, ndipo utsi uja unapinda. Tonse tinauona. Unasiya kukwera, unagona chammbali, n'kumalowa pansi pa chomangiracho ngati njoka yolowa kuuna. Alamu anga anachotsa phale, analibwezanso, utsi unalowanso. Anachita zimenezo kanayi. Kenako anakhala pansi pamchenga wotenthawo n'kuyamba kuseka, osatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka.

Zotsalazo zinali ntchito wamba. A Antonio anawotcherera cholumikizira chenicheni cha mabawuti, n'kuikamo mphira wodula ku chubu cha lole yanga, chimene ndinapereka mwaufulu ndipo ndikuchitchula pano kuti mbiri isasowe. Amisiri atatu aja anadula bango n'kumangira paipiyo kachisakasa kuyambira polumikizira mpaka m'madzi. Lachiwiri pampu inadutsa wani koloko, inadutsa thuu, inafika madzulo. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi madzi anafika kumunda womaliza. Nyemba zina za kumeneko zinali zitayoyola kale maluwa, ndipo eni ake sanabise mawu, koma zambiri zinatsitsimuka.

Lachisanu komiti inakhala, ndipo ine ndinapita ngakhale sanandiitane, chifukwa misonkhano yambiri imene yandipindulitsa ndi yomwe sanandiitane. A Lyton anafunsa a Geresomo kuti afotokoze mmene anapezera vutolo. Akanatha kunena kuti analipeza okha, poti phale anagwira ndi iwo ndipo aliyense anaona. Koma anati vutolo analipanga ndi iwo m'Seputembala, analisaka masabata atatu osalipeza, ndipo amene analipeza ndi mayi Jesinta okonza mijigo, mothandizidwa ndi wa mafiriji ndi wa maboti.

Mlimi wina wa kumapeto, amene nyemba zake zinapsa kwambiri, anaimirira n'kufunsa kuti ngati zili choncho makiyiwo akusungiranji munthu amene wavomera yekha kuti zinamukanika. Ena anang'ung'udza movomereza. Ndinaona dzanja la alamu anga likupita pa lamba.

A Lyton anafunsa kuti mayi Jesinta anabwera bwanji kuno, anawatuma ndani. A Geresomo anati palibe anawatuma, iwo anakawakonzera pampu yawo Lamulungu, mayiwo n'kubwera Lolemba. A Lyton anafunsa ngati mawa pampu itadwala matenda ena achilendo anthu amenewa angabwerenso. Alamu anga anati akuganiza kuti angabwere, ndipo manambala awo ali nawo.

"Kampani ya ku Blantyre ndinaiimbira sabata yatha kuti ndimve chabe," anatero a Lyton. "Anati angapeze mpata pakatha masabata awiri. Makiyi akhale pamene ali. Koma bambo, ulendo wina musadikire masabata atatu musanakafunse anzanuwo."

Pobwerera ndinawakweza pa lole. Titafika pamsewu waukulu anandifunsa ngati n'zoona kuti ndinakhala ola lathunthu osatchula Beira chifukwa cha iwo. Ndinati ola ndi mphindi khumi. Anati adzauza Princess kuti adzauze ana ake.

Tsopano m'foni mwa alamu anga muli manambala makumi atatu ndi imodzi. Akadali kutali ndi ine, koma ndimawalimbikitsa. Pa bwemba sajomba, ndipo mwezi wathawu anabwera ndi mmodzi wa amisiri awo atatu aja, atamuuza kuti asavale tayi. Josephine wayamba kudandaula kuti Loweruka mwamuna wake samuonanso. Sabata yatha ndinapita kukawaona, ndinapeza kulibe. Mayi Jesinta anali atawatenga kuti akaone pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa imene yawazunguza mutu, ndipo anali atapita ndi makiyi awo omwe, mpaka ku Chapananga.